Dimba langa la pakhonde lopanda dzuwa ku Joni

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, chakufupi ndi Lizulu, ndipo aliyense amene adadutsapo pamsewu wa M1 akudziwa kuti munthu wa kumeneko sauzidwa kalimidwe ka tomato. Tidakulira kudimba. Fizi yanga ya kusekondale idachokera m'madengu a kabichi ndi kachewere amene amayi ankagulitsa m'mbali mwa msewu. Ndiye ndikakuuzani kuti ndidapha tomato mapando 12 m'miyezi itatu yokha, pakhonde langa lomwe, dziwani kuti ndikuulula chinthu chimene kumudzi sindingachinene pagulu.

Zidachitikira ku Johannesburg, kumene ndakhala zaka zingapo tsopano. Mu 2021 ine ndi banja langa tidasamukira m'fulati ina ku Yeoville, pansanjika yachitatu. Khonde lake ndi la mamita atatu m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Pamwamba pake pali khonde la anzathu a nsanjika yachinayi, ndipo kutsogolo, mukangodumpha kanjira ka magalimoto, kuli nyumba ina yaitali kuposa yathu. Tsiku loyamba akazi anga adaona malo oyanika zovala. Ine ndidaona dimba.

Zifukwa zidalipo ziwiri. Choyamba ndi pakamwa. Msika wa ku Yeoville ndi wodziwika ndi zakudya za m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo chigwada chimapezeka chifukwa anzathu a ku Congo amachikonda kwambiri. Koma mpiru wathyoledwa m'mawa womwewo, wonunkhira mpaka m'mphuno, sugulika ndi ndalama iliyonse. Masamba amene amadzaza m'mashopu kuno ndi amene eni dziko amawatchula sipinachi, a masamba akuluakulu a nthiti zoyera. Ndi abwino, koma munthu sungadye ndiwo imodzi chaka chonse osadandaula.

Chachiwiri chidali mwana wathu wamkazi, amene adabadwira konkuno. Tsiku lina mayi ake ataphika nkhwani wotendera, iye adakankha mbale n'kunena kuti, "Adadi, ine sindidya udzu." Tidaseka, koma usiku umenewo tulo sitidabwere msanga. Mdzukulu wa mayi amene adaphunzitsa ana asanu ndi ndalama ya masamba akuti masambawo ndi udzu. Ndidaganiza kuti mwana ameneyu akaona mbewu ikumera m'manja mwake, mwina maganizo adzasintha.

Mwezi wa Seputembala, chisanu chitatha, ndidatola zidebe zakale za penti za malita 20, ndidakumba dothi lofiira pamalo ena opanda nyumba, n'kubzala zimene mtima unkafuna: tomato, tsabola, maungu ndi bonongwe. Zonse zidamera bwino, ndipo ndidatumiza zithunzi kumudzi monyadira.

Patatha milungu inayi zinthu zidayamba kudabwitsa. Tomato ankangotalika, woonda ngati ulusi, mtundu wake wotuwa, ndipo mapando onse adapendekera kunja ngati ana osuzumira pawindo. Maluwa ochepa amene adatuluka adayoyoka osabala kanthu. Bonongwe adaima pa msinkhu wa chala. Maungu adatulutsa timasamba tating'ono, kenaka tidachita ufa woyera pamwamba ngati wina watiwaza phulusa.

Ndidachita zimene mlimi aliyense wa kwathu amachita mbewu ikafooka: ndidathira feteleza, ndidawonjezera madzi, m'mawa ndi madzulo. Apa ndiye ndidamalizitsa. Dothi lidayamba kununkha ngati dambo, ndipo nditazula phando limodzi ndidapeza mizu yakuda, yoola.

Madzi aja sadaphe tomato yekha. Ankadontha kuchoka pakhonde langa, ofiira ndi matope, n'kumagwera pa zovala za mayi wina wachikulire wa nsanjika yachiwiri. Loweruka lina adandikwerera atanyamula nsalu yake yoyera ya kutchalitchi, ili mawangamawanga. Chizulu changa n'chochepa, koma tsiku limenelo ndidamva mawu onse. Lolemba woyang'anira nyumba adandiuza kuti likabweranso dandaulo lina, zidebe zichoke, apo ayi nkhani ikafika kwa mwini nyumba. Amene mudakhalako kunja mukudziwa kuti munthu wobwera safuna kuti dzina lake lizimveka kawirikawiri. Nyumba yabwino yotsika mtengo ndi yosowa mumzinda uno, ndipo ine ndidatsala pang'ono kuyitaya chifukwa cha tomato wosabala.

Akazi anga adati, "Abambo, tayani zidebezi tisadasowe pogona." Sadalakwe. Ndidapempha sabata imodzi yokha.

Lamulungu ndidaimbira amayi pa WhatsApp, mlongo wanga atawagwirira foni. Ndidawaonetsa khonde lonse, ndikudikira kuti andiuze mankhwala ogula. Iwo adangoyang'ana, kenaka adafunsa, "Bambo, dzuwa limafika nthawi yanji pamenepo?"

Ndidasowa yankho. Miyezi itatu ndikuthirira, ndikuthira feteleza, koma funso limenelo ndidali ndisadadzifunsepo. Kwathu dzuwa silifunsidwa, limangokhalapo.

"Kodi mudandionapo ine ndikubzala tomato pansi pa mango?" adatero amayi. "Nanga kunthochi kuja, kuseri kwa khola, kunkamera chiyani?"

Ndidakumbukira. Pansi pa nthochi, pamene dzuwa linkangolowa mwa apo ndi apo, pankamera koko wa masamba akuluakulu, chisoso, mnadzi, ndi kholowa amene ankayanga yekha kuchoka m'mizere ya mbatata. Palibe ankazisamalira, koma ndiwo za Januwale ndi Febuluwale zinkachokera kumeneko. Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ineyo ndidatenga mbewu za pamtetete n'kuziika kunthochi.

Sabata yotsatira ndidachita chimene ndikadayamba nacho. Tsiku limene sindidapite kuntchito ndidatenga khala, ndipo ola lililonse ndinkalemba pansi ndi pakhoma pamene dzuwa lafika. Kuyambira m'mawa mpaka 4 koloko madzulo padalibe choti ndilembe. Itangopitirira 4 koloko, dzuwa lidalowa chakumadzulo, lidagwira theka la khonde, n'kuzimirira cha m'ma 6:30. Umenewo udali mwezi wa Disembala, pamene masiku amatalika kwambiri. Nditayesanso mu Malichi, lidatsala la mphindi zowerengeka. Mu Juni silidabwere n'komwe.

Chifukwa chake ndidachimvetsa pambuyo pake. Khonde langa lidayang'ana kummwera. Johannesburg ali pa madigiri 26 kummwera kwa equator, kupitirira mzere wa Tropic of Capricorn umene umadutsa m'chigawo cha Limpopo. Choncho masana dzuwa la kuno limakhala chakumpoto chaka chonse. Mbali ya nyumba yoyang'ana kumpoto ndiyo imawotha, ndipo yoyang'ana kummwera imangolawa dzuwa la m'mawa ndi la madzulo, ndiponso pakati pa Seputembala ndi Malichi pokha, pamene dzuwa limatulukira ndi kulowera chakummwera pang'ono. Kwa ine la m'mawalo limatchingidwa ndi khoma la anzathu. Ndidamvetsanso chifukwa chimene lendi ya mbali yathu ili yotsikirapo.

Pali lamulo losavuta limene alimi a m'mizinda amatsata, ndipo likugwirizana ndi za amayi zija. Mbewu imene timadya chipatso chake, monga tomato, tsabola, mabilinganya ndi maungu, imafuna dzuwa la maola 6 mpaka 8 patsiku. Ya mizu, monga karoti, imatha kupirira ndi locheperapo. Ya masamba ndiyo imakhutira ndi maola atatu kapena anayi, ndipo ina imakula ngakhale pamalo pongowala bwino popanda dzuwa lenileni. Chifukwa chake n'chakuti chakudya cha mbewu chimapangidwa m'masamba pogwiritsa ntchito kuwala. Kuwala kukachepa, mbewu imangopeza chodzisungira nacho moyo, chopangira chipatso osatsala. Kutalika kuja kwa tomato wanga sikudali kukula, kudali kufunafuna kuwala. Feteleza sangalowe m'malo mwa dzuwa, ndipo ukamuchulutsa mumthunzi mbewu imangofewa n'kuitana nsabwe.

Si masamba onse amene amalola mthunzi. Bonongwe ndi luni ndi ana a dzuwa, a gulu limodzi ndi chimanga pa kagwiritsidwe ntchito ka kuwala, ndipo amasangalala pamene pakutentha kwambiri. N'chifukwa chake bonongwe amene kwathu amamera yekha padzala adandikanira pakhonde.

Ndidayambiranso, ndipo poyamba ndidakonza za madzi chifukwa ndiwo adatsala pang'ono kundithamangitsa. Chidebe chilichonse ndidachiboola mabowo asanu ndi limodzi pansi ndi msomali wotentha, n'kuchikhazika m'beseni lakale kuti madzi otuluka asagwere pansi. Otsalira m'beseni ndimawakhuthula patatha theka la ola, kuopa udzudzu ndi kuola kwa mizu. Nthawi yothirira ndidaitaya. Tsopano ndimapisa chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri, ndipo chikatuluka chonyowa sindithira kanthu. Mumthunzi dothi limachedwa kuuma, moti nyengo yotentha ndimathirira kawiri kapena katatu pa sabata, pamene yozizira kamodzi kamakwana. Nthawi yabwino ndi m'mawa, ndipo madzi apite patsinde, osati pamasamba, chifukwa tsamba logona lonyowa pamalo opanda dzuwa ndi limene limagwidwa matenda.

Dothi lofiira lija ndidalitaya. M'munda limachita bwino, koma m'chidebe limagwirana ngati njerwa, mpweya osalowa. Ndidasakaniza kompositi wogula magawo awiri, dothi gawo limodzi ndi mchenga wa kumtsinje gawo limodzi, n'kuwonjezera zinyenyeswa za makala. Kusakaniza kotere kumapepukanso, ndipo zimenezi si nkhani yaing'ono. Chidebe cha malita 20 chodzaza dothi lonyowa chimatha kupitirira makilogalamu 25. Mukandandalika khumi pakhonde la nyumba yakale, mwaika anthu atatu kapena anayi amene sachokapo usana ndi usiku. Zolemera ndidaziika kufupi ndi khoma, ndipo palibe chimene ndimapachika kunja kwa zitsulo, chifukwa pansi pamadutsa ana.

Kenaka ndidayamba kusaka kuwala ngati munthu wotola khobidi. Ndidapempha chilolezo n'kupaka khoma la khonde penti woyera. Zidebe nazo ndidazipaka zoyera. Ndidazikweza pa makireti kuti masamba afike msinkhu wa zitsulo, pakuti pansi penipeni pa khonde ndi pamdima. Kumbuyo kwake ndidaimika katoni yokutidwa ndi pepala lonyezimira lija timakutira chakudya, kuti kuwala kwa madzulo kubwerere pamasamba. Masiku atatu alionse ndimatembenuza chidebe chilichonse kuti mbewu isapendekere mbali imodzi. Nyumba yaitali ija, imene ndinkaitukwana mumtima, idapezeka kuti ndi bwenzi: khoma lake loyang'ana kumpoto limawombedwa ndi dzuwa masana, ndipo kuwala kwake kumagwera kwa ife.

Kona imene imalandira dzuwa la madzulo ndidaipatsa mpiru, repu ndi chainizi. Pakati ndidaika sipinachi wa eni dziko uja, amene ndidayamba kumulemekeza chifukwa sadandaula. Kumapeto, kumene dzuwa silifika, kuli minti, koko ndi anyezi wa masamba. Anyeziyo sindidagule mbewu, ndidangobzala matsinde a mizu amene akazi anga ankataya akadula masamba. Kholowa adachokera ku mbatata imodzi imene idaphukira m'kabati. Ndidaiika m'madzi, ndipo mphukira zitatalika ndidazidula n'kuziwokera m'thumba la ufa lodzaza dothi. Mbatata pansi sizibereka zoti munthu n'kuloza, koma masamba amayanga mpaka kulendewera.

Chisoso chidabwera chokha. Mwana adachokera kosewera masokosi ali odzaza timinga takuda tija, ndipo m'malo momukalipira ndidamupatsa chitini kuti atithothole n'kutifesa. Kuno chisoso amachiona ngati tchire lovutitsa ndipo amachizula m'minda ya maluwa. Patatha milungu isanu tidatsina nsonga zoyamba, ndipo chitini chimenecho chidakhala chake.

Mthunzi uli ndi zabwino zake zimene sindinkaziyembekezera. Mpiru wa padzuwa la Okutobala umathamangira kuchita maluwa n'kuwawa, koma wanga umachedwa kukhwima ndipo masamba ake ndi ofewa. Matalala amene amagwa ndi mvula ya mabingu mumzinda uno, mpaka kuswa magalasi a magalimoto, sakhudza dimba langa chifukwa khonde la pamwamba lija ndi denga. Choipa chake n'chakuti zonse zimayenda pang'onopang'ono. Mpiru umene kwathu tinkayamba kuthyola patatha mwezi, kuno umandidikiritsa milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri. Sindizula phando lonse, ndimangothyola masamba awiri kapena atatu akunja n'kusiya mtima kuti upitirize.

Adani alipo awiri. Nsabwe zimabisala kunsi kwa masamba a mpiru ndi repu, ndipo ndimazitsuka ndi madzi a sopo wochepa kwambiri, kasupuni kamodzi pa lita, madzulo, n'kudzatsukuluza m'mawa. Nkhono zidabwera ndi kompositi, ndipo zimakonda malo onyowa amthunzi ngati anga. Zimenezi ndi ntchito ya mwana. Usiku amatenga tochi n'kumafufuza kunsi kwa zidebe. Tsiku lina adaigwira imodzi padzanja, akudandaula kuti yabisa nkhope. Ndidamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Adadikira, nyanga zidatuluka, ndipo mwambi umenewo ndi Chichewa choyamba chachitali chimene adaloweza.

Nyengo yozizira ndiyo idandiphunzitsa kugonja. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku wina madzi amaundana panja. Dzuwa silifika, kholowa amafa, koko amauma masamba n'kugona pansi pa dothi. Chaka choyamba ndidalimbana nazo, ndikufunditsa zidebe mabulangete. Tsopano ndimadula nsonga zingapo za kholowa n'kuzisunga m'botolo la madzi pawindo la kukhitchini, koko ndimasiya kumuthirira, ndipo ndimadikira Seputembala. Otsala amoyo ndi sipinachi, anyezi ndi minti, koma nawo amangoima osakula. Ndi nthawi yokonza dothi, monga momwe kwathu timasosera m'munda mvula isadagwe.

Mayi wa nsanjika yachiwiri uja ndidamupepesa ndi sopo ndi nsalu ina, koma nkhope yake idakhalabe yolimba kwa miyezi. Chisoso chitachuluka, akazi anga adati timupatseko. Ndidagogoda ndi mantha, poganiza kuti aona ngati ndikumunyoza ndi tchire. Adayang'ana m'mbalemo, adanunkhiza, n'kunena kuti, "Uqadolo!" Adandiuza kuti kwawo ku KwaZulu-Natal agogo ake ankaphika masamba omwewa, ndipo padatha zaka asadawalawe. Nditamuuza kuti ndine Mngoni, kuti makolo athu adachokera mbali zomwezo, adaseka n'kunena kuti ndiye ndidachedwa kubwerera kwathu. Lero ndimamutchula Gogo, iye amanditchula mwana wake, ndipo tikapita kumudzi pa Khirisimasi kiyi wa nyumba timasiya kwa iye kuti azithirira. Lamulo la chala lija amalitsata kuposa ine.

Ndisakunamizeni, dimba la pakhonde silidyetsa banja. Kuyambira Novembala mpaka Epulo limatipatsa ndiwo kawiri pa sabata, ndipo anyezi wa masamba sitidagulenso. Tomato, kabichi ndi nkhwani timagulabe kumsika. Ndikawerengera kompositi ndi penti, chaka choyamba ndidaluza. Phindu lake lenileni ndidaliona tsiku limene mwana uja adathyola chisoso cha m'chitini chake, adathandiza mayi ake kusinja nsinjiro, n'kudya mpaka kupempha china. Sindinena kuti tsopano amakonda masamba onse. Repu amamukanabe. Koma mawu oti udzu sadabwerenso patebulo.

Ndalemba izi poganiziranso inu a kumudzi kwathu amene mukukhala m'mafulati a ku Blantyre ndi Lilongwe, kapena m'nyumba zothinana za ku Ndirande, Mbayani, Kawale ndi Mchesi, kumene kampata ka pakati pa khoma ndi mpanda sikaona dzuwa. Musadagule mbewu, taya­ni tsiku limodzi mukuyang'ana kumene dzuwa likugwa, ndipo mubwerezenso nyengo ikasintha. Ku Malawi kayendedwe kake n'kosiyana pang'ono ndi kuno: miyezi yambiri masana limakhala chakumpoto, koma kuyambira cha mu Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale limadutsa chakummwera pang'ono, choncho khoma la mthunzi mu Juni likhoza kukhala lowala mu Disembala. Mukapeza maola atatu, muli ndi dimba la mpiru. Mukapeza ochepera, yesani koko, kholowa, chisoso ndi anyezi wa masamba. Ndipo musadathire madzi oyamba, yang'anani kumene atsikire ndi amene akukhala kumeneko.

Mwezi wathawu ndidaimbiranso amayi kuti aone mmene zinthu zilili tsopano. Ndidayendetsa foni pang'onopang'ono kuyambira pa minti mpaka pa kona ya dzuwa, ndikuyembekezera kuyamikiridwa. Adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Koko ali bwino. Koma mpiruwo wathinana, bambo. Patulirani, musiye atatu pachidebe." Ndidawerenga, ndipo m'chidebe chilichonse mudali isanu ndi iwiri. Madzulo omwewo ine ndi mdzukulu wawo tidapatulira, ndipo wozulidwawo tidadyera nsima.